Mpiringidzo pa Chithunzi cha Msana

Tsiku limene ndinachoka, bambo anandiperekeza kudepoti atasenza sutikesi yanga paphewa, ngakhale msana unali utayamba kale kuwavuta. Basi italiza injini anandigwira mkono pawindo.

"Mlongo wakoyu ndi wopupuluma," anatero, akuloza ndi mutu kwa Chisoti, yemwe anaima chapatali akukankha mwala ndi phazi. "Adzalakwa, ndipo adzalakwa kangapo. Udzamukalipire m'nyumba, chitseko chili chotseka. Koma pamaso pa anthu udzaime naye. Wandimva?"

"Ndamva, bambo."

"Kumva imamva ndi mbuzi yomwe. Lonjeza."

Ndinalonjeza. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ndinkati ndikupita kwa zaka ziwiri zokha. Ndinakhalako zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu.

Ndinabwera chaka chatha ndi makatoni awiri a mabuku ndi msana wotheratu. Depoti ija tsopano ndi mzere wa timashopu ta mafoni. Laibulale imene ndinkabisalamo dzuwa likaswa mtengo anaisandutsa nyumba yobetcherana za mpira, ndipo mlonda wapakhomo anandifunsa ngati ndasochera. Anthu a mumsewu wathu, ena mwa iwo ndinawabereka kumbuyo ali makanda, amanditcha Amtchona. Amatchula mwaulemu, monga munthu amatchulira matenda a mnzake.

Kunjako ndinayamba ndi kunyamula makolo a eni, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pabedi. Kenako ndinapeza ntchito yotsuka zipangizo za m'chipinda cha opaleshoni: zaka khumi ndi zisanu ndikutsuka zitsulo zimene madokotala amasiya zili magazi okhaokha, ndi kuwerenga chilichonse chimene aiwala patebulo la tiyi. M'zaka zimenezo bambo anachitidwa opaleshoni ya msana kuno kwathu, anagona zaka zisanu ndi chimodzi, namwalira. Makalata a Chisoti ankangoti bambo aliko bwino pang'ono. Kumaliro sindinabwere. Mapepala anga anali oti ndikatuluka, chitseko chitsekeka kumbuyo kwanga. Ndinasankha chitseko.

Amene anandibwezera miyendo ndi mayi wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, amene odwala amawatcha Adokotala a Kampando, chifukwa pochita opaleshoni amaima pakampando kuti afike bwino patebulo. Kunja ndinadikira pamndandanda zaka zitatu. Iwo anandiona Lolemba n'kundiuza zoona Lolemba lomwelo. Timafupa tiwiri tapansi pa msana wanga tinkaterereka, kena pamwamba pa kanzake, n'kumafinya mtsempha wopita kumwendo. Anati sang'amba msana wonse ngati kale. Aboola timabala ting'onoting'ono mbali zonse ziwiri, alowetsa kapaipi pakati pa minofu, achotsa kakhushoni kophwanyika pakati pa mafupawo, aikapo kabokosi kodzaza tizidutswa ta fupa, kenako amanga ndi mabawuti anayi ndi tindodo tiwiri tachitsulo, mpaka mafupa awiriwo atagwirana n'kusanduka limodzi.

Sizinayende zonse mwamyaa. Kachikopa kokuta mitsempha kanang'ambika pang'ono, madzi a mumsana anadontha, ndipo ndinagona chagada masiku awiri mutu ukuwawa ngati auponya m'chigayo. Anabwera okha kudzandiuza. "Ndang'amba ine," anatero. "Ndasoka. Mugone, musadzuke." M'zaka zonse zija sindinamvepo dokotala akuti ndang'amba ine. Ntchafu inachita dzanzi miyezi itatu. Koma lero ndimapita kumsika wapansi n'kubwerera, ndimawerama n'kumanga ndekha zingwe za nsapato, ndipo m'mawa uliwonse ndikaponda pansi ndimawathokoza mayi amenewa ndisanathokoze wina aliyense.

Ndine ndinamukakamiza Chisoti kupita kwa iwo, chifukwa nayenso msana unali utamupinda ngati chikwakwa. Opaleshoni yake inachitika miyezi inayi yapitayo. Ululu wa mwendo unatha, koma phazi lamanzere linayamba kukwekwereza pansi. Adokotala anati mtsempha unafinyika nthawi yaitali ndipo pougwiragwira wakwiya. Kawirikawiri umabwerera mwakale, koma mwaulesi. Kenako Lolemba lina nkhani inali m'mafoni a tauni yonse, pamodzi ndi chithunzi cha msana: dokotala wathyolera bawuti mumsana wa munthu, ndipo akubisa. Munthuyo anali mlongo wanga. Dandaulo anakapereka ndi iye mwini, ndipo komiti ya chipatala inaitana mlandu Lachisanu.

* * *

Lolemba lomwelo Chisoti ndinamupeza pakhonde, chisoti chake chakalekale chili pamaso, ndodo pambali. Ndudu anali ataibisa kuseri kwa mpando, koma utsi sunamumvere.

"Fodya amachedwetsa mafupa kugwirana," ndinatero. "Anakuuza."

"Mwadzera kudzandiona, achemwali, kapena kudzandiwerengera buku?"

"Ndionetse chithunzicho."

Anaitana mkazi wake. Mlamu wanga, yemwe ndi telala, anatuluka ndi envulopu, naipereka maso ali pansi, nabwerera msanga kumakina ake. Munali filimu ya ekisire, yakuda, yolimba. Ndinaikweza kudzuwa. Bawuti lapansi kumanzere linali lothyoka pakati ngati nzimbe. Pamenepo panalibe chokana. Koma kona yapamwamba, pamene amalembapo dzina ndi tsiku, panalibe. Sinang'ambike ayi. Inadulidwa bwinobwino, m'mphepete muli timanomano ngati macheka.

"Dzina lili kuti?"

"Linanyowa. Tiyi anatayikirapo, ndiye tinadula."

"Unajambulitsa kuti?"

"Pakiliniki ya kuseri kwa msika. Lachiwiri, masabata awiri apitawa. Kuchipatala chachikulu sindingajambulitse, onse aja ndi anthu ake. Angasinthe chithunzi."

"Unapita bwanji ndi phazi limenelo?"

"Ndinauluka." Anakankhira chisoti kumbuyo nandiyang'ana. "Lachisanu mudzakhale pambali panga. Mumadziwa mayina a zitsulo zawo, mumalankhula ngati iwo. Akadzakuonani adzadziwa kuti sindili ndekha. Munalonjeza bambo. Ndinalipo."

"Unali kutali, ukukankha mwala."

"Makutu anali pafupi."

Ndinajambula filimuyo ndi foni. Nditafika kwanga ndinatulutsa chithunzi cha msana wanga n'kuziika pamodzi. Changa: mabawuti anayi, tindodo tiwiri, kena kumanja kena kumanzere, kalikonse kali pakokha. Chake: mabawuti anayi, tindodo tiwiri, ndi chitsulo chachitatu chopingasa, cholumikiza tindodo tija ngati mpiringidzo wa chitseko.

Chitsulo chimenecho ndinachitsukapo kosawerengeka. Thireyi yake inkatuluka pokhapokha tsiku limene msana aung'amba kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndipo msana wa Chisoti ndimaudziwa, ndine ndinkasintha mabandeji ake. Uli ndi tizipsera tinayi, kalikonse kosapitirira kutalika kwa chikhadabo cha chala chachikulu.

* * *

Lachiwiri ndinawapeza adokotala mu ofesi yawo, akulongedza mabuku m'katoni.

"Za mlongo wanu sindingakambe nanu," anatero ndisanakhale n'komwe.

"Sindinadzere za iye. Ndili ndi funso la kusukulu. Mpiringidzo ungalowe pa bala la chikhadabo chimodzi?"

Anasiya buku m'manja. "Ayi. Pakati pa tindodo tiwirito pali minofu ndi fupa. Kuti muike chopingasa muyenera kutsegula zonse. Ine sinditsegula."

"Ndiye auzeni akomiti."

"Ndinawauza. Mukomitimo muli mkulu wa chipatala, loya, m'busa ndi dokotala wa maso. Anandiyang'ana ngati wakuba akamati nkhukuyi yanditsatira yokha. Aitanitsa katswiri kuchokera kwina. Adzabwera pakatha miyezi itatu, kapena isanu. Pakadali pano Lachisanu andiimitsa ntchito."

"Nanga odwala anu?"

"Alipo makumi anayi ndi mmodzi. Awiri mwa iwo sangadikire miyezi itatu."

Patebulo panali kalata yotsegula, pepala lokhuthala, la mtundu umene ndimaudziwa. Anaona kuti ndaiona.

"Akhala akundiitana kunja zaka zinayi," anatero. "Ndinkangoiika m'dirowa. Lachisanu akandiimitsa, ndiyankha."

"Kumeneko ndikudziwako, adokotala. Adzakupatsani zipangizo zonse zimene mumalota. Kenako wodwala adzakufunsani kuti dokotala weniweni abwera nthawi yanji."

Pakamwa pawo panagwedera pang'ono, ngati akufuna kumwetulira. "Kuti si msana wake ndikudziwa kale. Zimenezo sizindipulumutsa. Funso n'lakuti ndi msana wa ndani." Anatseka katoni. Ndili pakhomo anandiitananso. "Phazi lake likufunika mafizo. Wajomba kasanu. Muuzeni zimenezo, zinazo zisiyeni."

Munthu akumuchotsera mkate pakamwa, iye akuwerenga masiku amene womunamizirayo wajomba mafizo. Ndinatsika masitepe ndikuchita manyazi, osadziwa kuti ndi a ndani.

* * *

Wojambula mafupa wa pachipatalapo amagwira ntchito pansi penipeni, kuseri kwa mochapira. Ndi mkulu wa imvi, wokonda maswiti a chifuwa ndi mawu ambiri. Anatenga foni yanga, nakuza chithunzi ndi zala ziwiri, nachiyang'ana ngati nkhope ya m'bale wotayika.

"Uyu si mwana wa makina athu, mayi wanga. Athu amaberekera pakompyuta, oyera ngati mbale ya alendo. Iyi ndi filimu yeniyeni, yotsukidwa m'mankhwala, m'chipinda chamdima, m'mene munthu unkatuluka ukununkha ngati batire. Ntchito inali imeneyo. Masiku ano ana amangodina batani."

"Akuti anajambulitsa pakiliniki ya kuseri kwa msika, masabata awiri apitawa."

Anaseka mpaka switi inatsala pang'ono kumutsamwa. "Makina a kumeneko anamwalira chaka chatha, ndinapita kumaliro ndine. Odwala awo onse amawatumiza kuno. Pamakinapo anaikapo mphika wa maluwa." Anakuzanso chithunzi, chala chake chinaima pakona yapansi. "Taonani kachilembo aka, kosonyeza mbali ya kumanzere. Kanali kamtovu, tinkakaika ndi manja. Mukuona mwendo wake wopindikawu? Ndinakagwetsa ndine, kanapondedwa ndi tayala la bedi. Tinakataya pamodzi ndi makina akale, zaka khumi ndi ziwiri zapitazo."

"Ndiye chinajambulidwa muno."

"Muno, ndi manja awa. Kalekale."

"Ndi msana wa ndani, akulu?"

"Ndajambula misana yochuluka kuposa tsitsi limene latsala kumutu kwangaku. Nkhope sindikumbuka, ndimakumbuka mafupa, koma mafupa satchula dzina."

"Mungakanene zimenezi kukomiti?"

Anasuntha switi kupita tsaya lina. "Yanditsalira miyezi isanu ndi itatu kuti ndipume, mayi wanga. Akandifunsa ndiyankha. Koma ndani kumwambako akukumbuka kuti pansi pano pali munthu?" Anandibwezera foni. "M'mashelefu mwathu musavutike kufufuza. Mafilimu akale sitinkasunga. Tinkawapatsa eni ake kupita nawo kunyumba."

Ndinaika foni m'chikwama n'kutuluka.

* * *

Moyang'anana ndi nyumba ya Chisoti pali wometa amene lilime lake limathamanga kuposa makina ake. Lachitatu m'mawa ndinamupeza akumeta dalaivala wina wogona tulo pampando.

"Amtchona, mwabwera kudzameta? Tili ndi sitayilo ya kunja, mutiuze ngati tikulondola."

"Ndabwera kudzafunsa. Lachiwiri, masabata awiri apitawa. Mlongo wanga anatuluka nthawi yanji?"

"Lachiwiri la magetsi lija? Sanatuluke. Magetsi anathima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ine ndinakhala pabenchi apa tsiku lonse ngati mlonda wongodzipereka. Ndinawerenga ndi agalu omwe odutsa. Achimwene anu anali pakhonde, ndudu pambuyo pa ndudu. Musati mwamva kwa ine."

"Galimoto silinabwere? Njinga?"

"Ngakhale wilibala. Amene anatuluka ndi akazi awo, kudzabwereka makwerero anga. Ndinati mayi, denga likudontha chilimwe chonchi? Anati ayi, tikutsitsa bokosi. Ndinapita kukawathandiza, mayi angakwere bwanji kudenga ine ndili pano? Kulemera kwake, ndinati mwina muli golide, tigawane. Bokosi lachitsulo, lobiriwira."

"Lokhala ndi loko wamkuwa."

"Eya, mukulidziwa?"

Ndinkalidziwa. Ndili mwana ndinkakhalira pomanga nsapato za kusukulu. Bambo ankasungamo masatifiketi athu, malaya awo a ukwati, ndi chilichonse chimene ankaopa kuti chiswe chingadye.

* * *

Chipinda chosokera cha mlamu wanga chili kuseri kwa nyumba, khomo lake ndi lapadera. Makina anali kulira. Kukhoma kunali masizasi atatu pamisomali, ndipo yapakati inali ya timanomano, ija amadulira nsalu kuti isasosoke. Ndinaitsitsa.

"Sizasi iyi imadula bwino filimu, alamu?"

Makina anasiya kulira. Sanatembenuke.

"Ine ndimasoka, alamu. Chimene andipatsa kuti ndidule, ndimadula."

"Chidutswacho munataya?"

"Telala sataya chidutswa." Anakoka ulusi nauluma ndi mano. "Komanso pali dzina la apongozi anga. Ndikanaliponya bwanji kudzala, pamodzi ndi makoko a mazira? Munthu amene anandilandira pakhomo pano ngati mwana wobala yekha?"

Ndinakhala pansi pamulu wa nsalu.

"Inu munali kutali," anatero. "Sindikunena moipa."

"Nenani moipa. N'zoona."

"Zaka zisanu ndi chimodzi bambo a ana anga ankawabereka apongozi kumbuyo, kupita nawo kubafa, kubwera nawo. Mnyamata wa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Msana wakewo unayambira pamenepo. Akawagoneka ankatenga envulopu ija n'kupita kumaofesi, kukafunsa amene anathyola chitsulocho. Ankabwera madzulo nsapato zili fumbi, osalankhula. M'makalata anu ankalemba kuti aliko bwino chifukwa apongozi ndiwo ankamuuza zolemba. Ankati mwana ali kwa eni, musamusenzetse katundu amene sangamutule."

Ndinayang'ana sizasi m'manja mwanga mpaka timano take tinayamba kusokonekera m'maso.

"Adokotala aja," anapitiriza, mawu ali pansi, "anabwera kuno Lamulungu lina, opaleshoni itangochitika. Palibe anawatuma. Anagwada pasimenti pakhonde paja, ndi diresi lawo la kutchalitchi, kugwira phazi la mwamuna wanga chala ndi chala. Ine sindinagone tulo tabwino chidulire filimu ija." Anaimirira nakutumula tiulusi pachovala chake. "Ndikaike tiyi pamoto. Mabatani akuda ali m'chitini icho, ngati mukufuna la juzi lanulo."

Juzi langa silinasowe batani.

Pansi pa mabatani panali kansalu koyera kopindidwa kanayi. M'kati munali kachidutswa ka filimu, ka makona atatu, mbali imodzi timanomano. Panali dzina la bambo, lotayipidwa, chilembo chimodzi cholakwika monga ankalakwitsira nthawi zonse m'maofesi. Ndi tsiku, la zaka makumi awiri ndi ziwiri zapitazo. Tsiku limenelo ine ndinali kutsidya kwa nyanja, ndikudyetsa phala bambo wa munthu wina.

* * *

Lachinayi masana ndinamuuza Chisoti kuti tilowe m'nyumba. Ndinatseka chitseko ndekha, ndinaika kachidutswa kaja patebulo.

Anakayang'ana, nayang'ana kukhoma kumene makina osokera ankamvekera, navula chisoti. Sindinamuonepo kumutu chibwerere. Dazi lake ndi la bambo.

"Inde," anatero. "Ndi msana wa bambo."

"Wachita misala?"

"Ndinayenda nacho chithunzi chimenechi m'maofesi asanu ndi awiri, achemwali. Wina anati dokotala amene anachita opaleshoniyo anasamuka. Wina anati bwerani mawa, mawa lake linatha zaka ziwiri. Wina anaikapo kapu ya tiyi pamwamba pake, ndikuona. Palibe anachikweza kudzuwa ngati mmene munachitira inu Lolemba. Lero ndangodula dzina, tauni yonse ikuchiyang'ana."

"Koma mayiwa sanawagwirepo bambo. Nthawi imeneyo anali asanamalize ndi sekondale yomwe."

"Onse ndi amodzi."

"Amene anagwada pasimenti pako Lamulungu ndi amodzi ndi amene anaika kapu pachithunzi? Akawaimitsa mawa akupita kunja, ndipo sadzabwera. Ndikudziwa mmene zimakhalira. Umati zaka ziwiri."

"Apite. Kupita ndi kosavuta, inu mukudziwa."

Mbama imeneyo inali yanga, ndipo inandikwana.

Anakweza mwendo wa buluku, nayesa kudzutsa phazi. Linalendewera ngati nsapato yopanda mwini. "Bambo anayamba chonchi. Phazi. Kenako bondo. Kenako ndinkawapukuta ngati khanda, iwo akuyang'ana kudenga kuti tisaonane m'maso. Ine adzandibereka ndani? Ana anga ali kutali ngati mmene munalili inu. Mkazi wanga, ndi timikono take tija?"

Ndinagwada. Chaka chapitacho sindikanatha kugwada, ndipo tonse awiri tinkadziwa amene anachititsa kuti nditero. Ndinagwira chidendene chake.

"Dzutsa chala chachikulu."

"Zisiyeni."

"Dzutsa, iwe."

Chinagwedera. Pang'ono, ngati mutu wa kamba, koma chinagwedera.

"Mwezi watha sichinkatero," ndinatero. "Mtsempha ukubwerera. Mabawuti ako ali bwinobwino, ukudziwa, n'chifukwa chake ukukana kujambulitsa. Siya fodya, bwerera kumafizo. Mawa tipite m'mamawa, komiti isanakhale, ukabweze dandaulo. Tikanene kuti maenvulopu anasokonekera m'bokosi. Bodza limenelo ndinena ndine, iwe ungogwedeza mutu."

Anayang'ana chala chake nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti ndamupeza.

"Ndikabweza," anatero, "bambo abwerera kudenga."

"Chisoti."

"Chibale ndi fupa, achemwali, sichiwola. Mwandikalipira m'nyumba, chitseko chili chotseka. Theka la lonjezo mwakwaniritsa." Anavala chisoti. "Mawa theka linalo."

Kachidutswa kaja kanali patebulo pakati pathu. Akanatha kukatenga, dzanja lake linali pafupi kuposa langa. Anayang'ana kuwindo. Ndinakakulunga m'kansalu kake n'kukaika m'chikwama.

* * *

Chipinda cha komiti chili pamwamba, masitepe makumi anayi ndi awiri. Ndinawakwera onse osagwira chitsulo cham'mbali, pa mabawuti anayi ndi tindodo tiwiri. Kunali kutentha, fani inali yakufa, ndiye chitseko anachisiya chotsegula, ndipo m'khonde munadzaza anamwino ndi odwala ena a mafizo, ena ndi ndodo zawo, ena atamanga malamba a msana pamwamba pa malaya.

Adokotala anakhala okha mbali ina ya tebulo, manja pamiyendo, mapazi osafika bwino pansi. Mbali inayo kunali Chisoti ndi mkazi wake, ndi mpando wopanda munthu umene anandisungira poikapo chisoti chake. Ndinaima kumbuyo, pafupi ndi khoma.

Filimu inayenda dzanja ndi dzanja. Loya anaikweza kuwindo mozondoka. M'busa anapukusa mutu ataona bawuti lothyoka. Dokotala wa maso anaiyang'ana nthawi yaitali kuposa onse, kenako anati iye si wa mafupa. Chisoti analankhula bwino, mosakweza mawu, za zaka za ululu, za munthu wosanduka katundu m'nyumba mwake momwe, ndipo chilichonse chimene ananena chinali choona kupatula mwini wake wa msanawo. Adokotala anabwereza za mpiringidzo m'mawu ochepa, ndipo mkulu wa chipatala analemba kanthu osawayang'ana.

"Ngati palibe wina woti alankhule," anatero mkuluyo, akukoka pepala limene linali lotayipidwa kale.

"Alipo achemwali anga," anatero Chisoti, nachotsa chisoti pampando uja.

Ndinaudutsa mpandowo. Ndinapempha filimu, ndinaigoneka patebulo pamwamba pa pepala la mkulu uja kuti iwale, ndinamasula kansalu, ndinaika kachidutswa pakona. Timano tinalumana, kalikonse m'malo mwake. Ndinawerenga dzina la bambo mokweza, lonse, mmene iwo ankalitchulira, osati mmene analitayipira. Ndinawerenga tsiku. Ndinawauza kuti pansi pa nyumba yomweyo pali munthu amene anajambula chithunzichi, ndipo akamufunsa ayankha.

"Ndipo ndikupempha mulembe m'buku lanulo," ndinatero, "kuti bawuti ili linathyokadi, kuti mwini wake anagona nalo zaka zisanu ndi chimodzi, ndi kuti mwana wake analionetsa m'maofesi asanu ndi awiri. Lembani, ndikudikira."

Mkulu uja analemba. Atamaliza anakweza mutu. "Mayi, tikumvetseni bwino. Mukuti chiyani za dandaulo la mlongo wanu?"

Chisoti anali atagwira chisoti chake pachifuwa ndi manja awiri. Ndinanena pamaso pa komiti, pamaso pa mkazi wake ndi pa anthu onse a m'khonde, chitseko chili chotsegula, kuti mlongo wanga wanama.